Nkhwali Pakati pa Abusa ndi Woweruza

Padangokhalatu, kale nyama zikadali ndi midzi yawo, kunali dziko lina limene linali ndi akuluakulu awiri. Wina anali a Njati, woweruza wa boma. Iwo ndiwo anali ndi chingwe ndi ndende, ndipo akangopumira m'mphuno pabwalo la milandu, wolakwa ankayamba kuulula asanafunsidwe. Winayo anali Abusa a Khwangwala, amene anabadwa atavala kale kolala yoyera m'khosi. Iwo analibe chingwe, koma ankatha kudula munthu mumpingo, ndipo nyama zambiri zinkaopa kudulidwa kuposa kumangidwa. Awiriwa akakumana panjira ankapatsana moni, koma wapakamwa pokha.

M'dzikomo munali Gologolo, wochenjera woti ngakhale adani ake ankamusekerera. Makolo ake anamwalira iye ali wakhanda, ndipo analeredwa ndi amake a Nkhwali. Motero iye ndi Nkhwali ankaitanana achimwene ndi achemwali, ndipo Nkhwali atakwatiwa ndi Vumbwe, nkhoswe yake anali Gologolo yemweyo.

Nkhwali ndiye ankayambitsa nyimbo m'kwaya. Vumbwe anali mkulu wa mpingo, woima pakhomo la tchalitchi kulandira anthu, wopemphera mpaka ana kugona. Aliyense ankati banja ndi limeneli.

Koma m'nyumbamo munali nkhani. Nkhwali akaikira mazira n'kupita kokaphunzira nyimbo masana, pobwera ankapeza chisa chili mbee.

"Njoka, mkazi wanga," ankatero Vumbwe akupukusa mutu. "Ndangoiona mchira ikutuluka."

Anaikiranso, njoka inabweranso. Ulendo wina Nkhwali anabwera msanga, ndipo anapeza mwamuna wake akunyambita milomo, zachikasu zili mbuu kundevu. Anatenga nsalu yake n'kuthamangira kwa Gologolo, ndipo awiriwo anapita kubwalo la a Njati.

"Alipo anamuona akudya?" anafunsa a Njati.

"Ndevu zake, bwana," anatero Nkhwali.

"Ndevu wasamba kale. Popanda mboni chingwe changa sichimanga munthu. Koma ukwati ndingathe kuuthetsa, ndipo ndauthetsa. Iwe Vumbwe, usadzapondenso pamene pali mayiyu."

Nkhaniyo inafika kwa Abusa dzuwa lisanapendeke, ndipo anaitanitsa Nkhwali.

"Mayi, ukwati wanu anamanga ndani?"

"Inu, Abusa."

"Nanga chimene chinamangidwa pamaso pa Mulungu, Njati angachimasule ndi nyanga? Ndiponso mwana wa mpingo amatengera mnzake kukhoti osadzera kwa ife? A Vumbwe ndimawadziwa, ndi munthu wa pemphero. Bwererani kwa amuna anu. Mukapanda kutero mwadulidwa. Kwaya ayi, mgonero ayi."

Kuyambira pamenepo Nkhwali ankakhala kwa Gologolo. M'mawa uliwonse ankapita kuseri kwa nyumba n'kuyamba kanyimbo kake. Inali nyimbo yofunsa kuti mwana wa mbalame alowe khomo liti, popeza khomo lina lamusiyira moyo n'kumulanda pemphero, lina likumupatsa pemphero koma likufuna ana ake. Mawu ankakwera pofunsa, kenako n'kutsika osayankhidwa, ndipo amayi amene ankasinja chapafupi ankapezeka akuvomera ndi misi yawo.

Tsiku lina atatha kuimba anati, "Achimwene, m'thupimu ndikumva mazira ena. Ana amenewa adzawabatiza ndani? Ine ndikafa adzandiimbira ndani? Kuli bwino ndingobwerera."

"Mukabwerera, achemwali, sipadzakhala mwana woti abatizidwe," anatero Gologolo. "Ndipatseni mpata. Mutuwu ndi waung'ono, koma simuli madzi."

Lamulungu litafika, Gologolo anatapa phulusa loyera n'kumupaka Nkhwali thupi lonse.

"Lero ndinu Nkhunda, mlendo wochokera kutali. Mukakhale pakati pa kwaya, mukaimbe chapansipansi. Abusa akadzazolowera nkhope, tidzawauza kuti munthu amene akhala akumuyamikira ndi yemwe uja anamudula."

"Kunama m'nyumba ya Mulungu, achimwene?"

"Wonama ndine. Inu mungoimba."

Vumbwe pakhomo anamulandira mlendoyo ndi manja awiri, osamuzindikira. Nyimbo yoyamba inadutsa bwino. Yachiwiri inali ija Nkhwali ankaikonda kuposa zonse, ndipo woyambitsa watsopano anaiyamba molakwika. Nkhwali anapirira, anapirira, kenako mtima unamuthawa. Anakweza mawu n'kuiwongola nyimboyo, mapiko akugunda, phulusa lili koboo m'tchalitchi monse. Kwaya yonse inayamba kuyetsemula.

"Mawu amenewo ndikuwadziwa," anatero Abusa ali pagome. "A Vumbwe, atulutseni mayiwo."

Ndipo mwamuna yemwe uja anadya ana ake ndiye anamugwira phiko n'kumutulutsa, uku akumunong'oneza kuti, "Kunyumba ndakukonzera chisa chatsopano."

M'mawa mwake nyimbo ija inamvekanso kuseri kwa nyumba, funso lake lomwe lija la makomo awiri, koma tsopano mawu anali osasa. Gologolo anaimva ali mkati, mchira uli pansi. Kenako anadzambatuka n'kulunjika kwa a Njati.

"Bwana, ndabwera kudzakupepesani."

"Pa chiyani?"

"Pa zimene akukunenani anthu. Akuti chiweruzo chanu chimathera pakhomo la tchalitchi. Akuti m'dziko muno woweruza weniweni ndi uja wa kolala, inu mumangomuyeserera."

"Akutero ndani?"

"Ine sinditchula munthu, bwana. Koma amene akuterowo ali ndi mapiko akuda."

A Njati anapalasa pansi ndi chiboda. Lamulungu lotsatira, mapemphero ali mkati, kunamveka mgugu panja. A Njati anabwera ndi asilikali awo, Nkhwali ali patsogolo, Gologolo akudumphadumpha pambali. Nkhwali analowa. A Njati anati alowe, koma khomolo silinamangidwire nyama ya msinkhu wawo. Mutu unalowa, nyanga zinakanirira pamphuthu, thupi lonse linatsala panja.

"M'dzina la boma," anabangula ali chikodwere, "ndikulamula kuti mayiyu abwerere m'kwaya, ndipo aimbe pompano!"

"Bwana," anatero Abusa, "kubwalo kwanu ine ndimavula chipewa. Muno ndi inu muyenera kuvula."

"Imba, iwe Nkhwali!"

M'tchalitchi munangoti zii. Nkhwali anaimirira kutsogolo, anayang'ana anzake a kwaya amene anali atazolika mitu ndi mantha, anatsegula kukamwa, koma sipanatuluke kanthu. Kenako anagwada chakukhomo.

"Bwana, munandipulumutsa, ndipo sindidzaiwala. Koma nyimbo yochita kulamulidwa sindiidziwa kayambidwe kake."

Asilikali anachita kuwakoka mchira a Njati kuti atuluke, ana akuseka m'mawindo. Pochoka analumbira kuti khomo limenelo adzalikhomerera ndi misomali. Abusa nawo analengeza kuti munthu wobweretsa nyanga m'nyumba ya Mulungu asadzaonekenso ngakhale pabwalo la tchalitchi.

M'mawa wotsatira nyimbo ija inangoyambika, n'kuduka pakati pa funso. Amayi osinja anadikira kuti avomere, koma panalibe chovomera. Gologolo atazungulira kuseri anapeza mlongo wake akumanga katundu.

"Mwayesetsa, achimwene. Koma taonani, tsopano ndi tchalitchi chomwe chikutsekedwa chifukwa cha ine. Ndikubwerera kwa a Vumbwe. Mwina asintha."

Gologolo anakhala pansi n'kuganiza monga sanaganizirepo chibadwire. A Njati akufuna mboni. Abusa sakhulupirira chifukwa sanaone. Onse awiri chimene chikuwasowa n'chimodzi. Mchira wake unayamba kudzuka pang'onopang'ono.

"Chabwino, mubwerera," anatero. "Koma mubwerere mwa mwambo wake. Ine ndine nkhoswe, ndisiyireni."

Anapita kwa Abusa, nagwada patali, maso ali pansi.

"Abusa, mwapambana. Mlongo wanga wavomera kubwerera kwa amuna ake. Chomwe ndikupempha, adzayanjanire m'nyumba mwanu muno, mudzawalangize ndi kuwapempherera."

Abusa anakondwa. "Mawu ndi amenewo. Abwere mawa masana."

"Palinso china. A Njati sakugona tulo ndi zimene anachita zija. Akufuna adzakupepeseni, koma manyazi. Mukawalandire bwino."

Atachoka apo anathamangira kubwalo la milandu.

"Bwana, musagule misomali. A Khwangwala agonja. Akuti mukafike kwawo mawa masana, akakupepeseni pamaso pa akazi awo."

"Mwana wamakhalidwe," anatero a Njati. "Ndipita."

Tsono Gologolo ankadziwa kuti Amayi Busa, akazi a Khwangwala, anali akufungatira mazira m'chipinda. Anatola timiyala tosalala ta msinkhu wa dzira, anatipaka madzi a masamba, anatidonthezera timadontho ta dothi kuti tifanane ndi mazirawo, n'kutibisa kudenga kwa nyumba ya Abusa.

Masana aja onse anasonkhana. Nkhwali anapita kukhitchini kukathandiza ntchito. Vumbwe anakhala pabalaza manja ali pachifuwa, koma mphuno yake inkangotembenukira kukhomo la chipinda. Posakhalitsa a Njati anafika ndi asilikali awo. Popeza m'nyumbamo sakanakwanamo, Abusa anatuluka kukawalandirira pakhonde, ndipo Amayi Busa anadzuka pamazira kuti akapereke moni kwa mlendo wamkulu chotere.

Gologolo anatsikira m'chipinda kudzera kudenga. Dzira kunyamula, mwala kuika. Dzira kunyamula, mwala kuika. Mazira onse anawatutira kukhitchini n'kuwaika m'lichero la gaga.

"Achemwali, khalani apa."

"Mayo! Awa si mazira a Amayi Busa? Mwapenga, achimwene?"

"Mundikalipire madzulo. Panopa akuzizira."

Nkhwali anawayang'ana mazirawo, ndipo mtima wa umayi unamugwira. Anatambasula mapiko n'kuwafungatira.

Gologolo anadzera pabalaza. "Alamu, ine ndikukamvera akuluakulu panjapa. Mutsale mukuyang'anira nyumba. Amayi Busa asiya mazira okhaokha m'chipindamo, akuluakulu, ofunda bwino. Paja njoka zachuluka masiku ano."

"Pitani, alamu," anatero Vumbwe akumeza malovu. "Ine ndikhala ndikupemphera."

Pakhonde paja zinthu zinali zitaima. A Njati anali atakhala uku, Abusa uko, aliyense chifuwa chili patsogolo.

"Ndafikatu, Abusa."

"Mwafikadi, bwana."

"Ndamva kuti muli ndi mawu."

"Inenso ndamva kuti muli ndi mawu."

"Yambani."

"Ayi, yambani inu. Musachite manyazi, tonse timalakwa."

"Timalakwa? Ine ndabwera kudzalandira kupepesa kwanu!"

"Kwanga? Si inu mwabwera kudzapepesa?"

Onse awiri anatembenuka pamodzi n'kuyang'ana Gologolo. Iye anati athawe, koma chiboda cha a Njati chinali chitatsika kale pamchira wake.

"Fotokoza," anatero a Njati.

Gologolo anatchera khutu kunyumba. Kunali chete. Kodi Vumbwe wazindikira? Kapena lero lokha akupempheradi?

"Bwana, nkhani yake ndi yaitali. Inayamba kale, agogo anga asanabadwe..."

"Ifupikitse."

"Agogo angawo anali ndi mlongo wawo, ndipo mlongo wawoyo..."

Go! Kenako kukuwa koti nkhuku za m'mudzi wonse zinabalalika.

Abusa ndi akazi awo anaulukira m'nyumba. A Njati anazungulira n'kusuzumira pawindo la chipinda. Onse anaona chinthu chimodzi: Vumbwe ali m'chisa cha Amayi Busa, mwala uli m'kamwa, wina uli m'manja, mano ali mbwee pansi.

"Njoka," anayesa kunena Vumbwe, koma mawu anatuluka ndi magazi.

"Ana anga!" analira Amayi Busa. "Ana anga ali kuti?"

"Ali moyo, amayi," anatero Gologolo. "Tiyeni kukhitchini."

Atafika anapeza Nkhwali ali phee palichero, mapiko ali tambalale, akuopa kuti amuyesa wakuba. Amayi Busa anapisa mlomo pansi pa phiko lake, nakhudza mazira awo limodzilimodzi. Onse anali ofunda.

Abusa anaima pakhomo akuyang'ana Nkhwali. Mayi amene anamudula, amene anamuthamangitsa ngakhale pabwalo, ndiye anali atafungatira ana awo. Anatsitsa mutu mpaka kolala inabisika.

"Mayi, munandiuza, koma sindinakumvereni. Ndinamva mapemphero a amuna anu, kulira kwanu sindinakumve. Ndikhululukireni."

Nkhwali analira.

Atabwerera pakhonde, asilikali anali atamukhazika Vumbwe pansi. Abusa anakonza kukhosi, ndipo mwa chizolowezi anati, "Ameneyu ndi mkulu wa mpingo. Nkhani yake tikaikamba kumpingo."

"Mukaikamba n'kutani?" anafunsa Amayi Busa, maso ali psuu. "Mumudula, kenako azipita kwawo? Mano amera ena, bambo. Mawa alowa m'nyumba ya yani?"

Abusa anatembenukira kwa a Njati.

"Akunena zoona. Ine ndingamuchotse pa ukulu, ndingamuletse mgonero, ndipo nditero. Koma chomugwira manja ndilibe. Mutengeni, bwana. Mboni mumafuna ija ndine."

A Njati anapumira m'mphuno, koma mofatsa. "Ndamulandira. Inenso tsiku lija ndinalowa kumene sanandiitane. Za amene aimbe ndi amene asaimbe si zanga. Misomali ija ndikhomera khola la mbuzi. Nanga ukwati wa mayiyu?"

"Pamenepo mpovuta," anatero Abusa. "Chimene ndinamanga pamaso pa Mulungu sindingachimasule ndekha pakhonde. Ndikakhala pansi ndi akulu anzanga, ndipo mwina titsutsana mpaka mvula kugwa. Koma palibe pamene malamulo athu akunena kuti mayi azipereka ana ake kukamwa kwa chilombo. Ameneyo ndinawonjezera ndine. Akhale payekha, ndipo sanadulidwe."

"Kwa ine ukwatiwo unatha."

"Kwa inu."

"Kwanuko muutche dzina limene mukufuna," anatero a Njati, "bola pasapezeke womukankhira kwa Vumbwe. Ndikadzamva zimenezo ndidzabwera."

"Mukadzamva zimenezo, ndidzakuitanani ndine."

Gologolo anaona kuti zatheka, ndipo anayamba kusuntha chammbali.

"Ukupita kuti?" anafunsa onse awiri.

"Kukathandiza kukhitchini."

"Unalowa m'chipinda cha eni ake kudzera kudenga n'kutenga mazira osapempha," anatero a Njati. "Umenewo ndi mlandu wanga. Uzisesa bwalo la milandu mpaka chimanga chikhwime."

"Ndipo unanamiza mbusa wako, unanamiza woweruza, unathira mpingo wonse phulusa," anatero Abusa. "Umenewo ndi wanga. Uzikhala benchi yakumbuyo, mgonero osalandira, mpaka tidzaone kuti lilime lawongoka."

"Munthu mmodzi, zilango ziwiri?" anadandaula Gologolo. "Pamene munali kudana ndinkapeza bwino."

A Njati anaseka mpaka khonde linagwedera, ndipo aka kanali koyamba kuti Abusa aseke nawo.

Vumbwe anapita kundende. Patapita masiku, Abusa anafika kwa a Njati kudzapempha kuti azikamuona, popeza ngakhale wodya mazira ali ndi mzimu. A Njati analola, ngakhale kuti asilikali ankayamba avundukula dengu la Abusa pachipata, ndipo Abusa ankang'ung'udza ulendo uliwonse. Akulu a mpingo nawo anatsutsana za ukwati uja nthawi yaitali, ena akuti watha, ena akuti sunathe. Nkhwali sanadikire kuti amalize. Anabwerera m'kwaya, anaikira mazira ake m'nyumba ya mlongo wake, ndipo onse anaswa.

Tsiku la ubatizo tchalitchi chinadzaza. Anapiye a Nkhwali anafola kutsogolo pamodzi ndi ana a Abusa. Gologolo anali kumbuyo kwenikweni, pa benchi ya olangidwa, manja ali ndi matuza a tsache, akusuzumira pakati pa mitu ya anthu kuti aone adzukulu ake.

Abusa anabatiza woyamba, anabatiza wachiwiri. Koma kamwanapiye kotsiriza kataona madzi kanati psiti, kudutsa pansi pa mabenchi, mpingo wonse ukuwerama kukagwira, mpaka kanakafika kumbuyo n'kudzilowetsa mu mchira wa atsibweni ake. Anakanyengerera, kanakana. Amake anakaitana, kanakana.

Abusa anayang'ana kumwamba, anausa moyo, kenako ananyamula mbale ya madzi n'kuyenda tchalitchi chonse mpaka pa benchi ya olangidwa. Anabatiza kamwanako kali mu mchira momwemo, ndipo madzi ambiri anathera pamutu pa Gologolo.

"Amenewo sakuwerengedwa," anamunong'oneza Abusa. "Chilango chako chikadalipo."

"Ndamva, Abusa," anatero Gologolo, madzi akutsika kumaso. Ena mwa madziwo sanali a m'mbale.

Kutsogolo Nkhwali anayambitsa nyimbo, ndipo mpingo wonse unavomera.

Ine nthano yanga ndaitula pano. Amene waikonda aisenze.